Mlaza Wotsiriza wa Malita

Mundilole ndiyankhule nditakhala pansi, abale ndi alongo. Miyendo yanga inazolowera mkeka, ndipo ndikaimirira pamaso pa anthu mawu amandithawa. Amene muli kumbuyo senderani kuno, mawu anga safika patali.

Ine ndine Andireya. Ambiri mumandidziwa kuti ndine mkulu uja wosoka mafumba kuseri kwa dambo. Achikulire mukukumbukanso dzina lina limene ana ankandiitana nalo zaka zija, lakuti Chipanda, chifukwa sankandiona popanda chipanda cha uchema, mowa uja wotchera ku mlaza, m'manja. Dzinalo silinali bodza. Ena mwa inu mwabwera kuno m'mawa uno mutadzera kaye kumilaza. Fungo ndikulimva ngakhale mwatsuka mkamwa. Sinditchula munthu. Fungo limenelo ndinanunkha ndine inu musanayambe, choncho khalani momasuka.

Kuno kwa Tengani ndinabwera ngati mkamwini. Kwathu kunali kumtunda, cha ku Chikwawa, koma mudzi wathu unabalalika ndili mnyamata, ndipo palibe amene ndingamuloze kuti uyu ndi wakwathu. Ndinakwatira Malita m'zaka zimene ankayala njanji, ndipo tinabatizidwa tsiku limodzi. Ana Mulungu anatipatsa, koma onse anabwerera asanayambe kuyenda. Tinatsala awiriwiri ndi ntchito yathu ya mlaza.

Tinkapanga mikeka ndi mafumba. Inu ana amene mukukulira m'mabulangete, fumba ndi mkeka wopinda pawiri, wosokedwa m'mbali monse kungosiya pakamwa. Munthu amalowamo, n'kudzigubuduza kuti pakamwapo pakhale pansi, udzudzu n'kumangolira kunja. Amalinyero, anthu opalasa mabwato pa Shire, sankayenda ulendo popanda fumba. Ankabwera pakhonde pathu ndi mchere, nsomba zouma, nthawi zina nsalu.

M'nyumba mwathu tinagawana ntchito motere. Malita ankadula mlaza, kuyanika, kung'amba timilaza tating'ono, n'kuluka mzere wautali wotambalala ngati chikhatho, umene ankaukulunga kukhala mpukutu. Ine ndinkatenga mpukutuwo n'kumalumikiza mzere ndi mzere ndi singano yanga ya nsungwi mpaka fumba litaoneka. Iye ankaluka akuyankhula, maso ali kunjira, akufunsa aliyense wodutsa za kwawo. Ine ndinkasoka ndikumvetsera. Ukwati wathu unali umenewo, ndipo unandikwana. Sindinaganizepo zophunzira kuluka. Ndinkati zala zake zilipo.

Milaza inali yake, yosiyiridwa ndi amayi ake, kuseri kwa dambo kuja. Ankadula tsamba lanthete lapakati lokha, lija lisanatambasuke, ndipo akadula pa mlaza uwu ankaudumpha ulendo wotsatira kuti upume. Otchera uchema ankadana nawo. Mukudziwa chifukwa chake: kuti uchema utuluke umasadza masamba onse, kuwaula ndi moto, n'kudula mutu, ndipo ukatha kudontha patsala chitsa. Tsiku lina anapeza munthu wa kutsidya atayamba kusadza mlaza wake. Anamuthamangitsa mpaka kumadzi, munthuyo n'kutaya mpeni ndi chipanda. Malita anazitola, nazitsomeka kudenga m'nyumba mwathu.

"Akadzabwera kudzatenga, ndidzamuone nkhope bwinobwino," anatero.

Munthuyo sanabwere. Mpeni ndi chipanda zinakhala kudengako zaka, zikuda ndi mwaye.

Malita anadwala malungo nthawi ya mvula, madzi atadzaza m'madambo. Sanagone masiku ambiri. Anasiya mpukutu pakhonde, kumapeto kwake timilaza tili balala, monga amasiyira munthu amene akuti abwera posachedwa.

Maliro atatha anabwera alamu anga a Zuze, mlongo wake wa Malita, amene anali mwini mbumba. Anali mmalinyero, wamtali, wa mawu omveka tsidya lina la mtsinje, wosakaniza Chimang'anja ndi Chisena m'chiganizo chimodzi. Masiku abwino tinkanyozana kwambiri monga amachitira alamu. Tsiku limenelo sanaseke.

"Alamu, imfa ikadali m'mudzi muno. Tapeza mayi woti mupite naye kufa, mugone naye kuti imfayi ichoke. Zithe, anthu adye momasuka."

"Alamu, sindingathe. Ine ndi mlongo wanu tinalonjeza pamaso pa Mulungu."

"Mlongo wanga ali pansi. Inu muli pamwamba pano ndi ana athu. Akatupa ana amenewa, mudzati chiyani?"

Ndinangoti sindingathe. 

"Mulungu wanuyo adzabwera kudzagula mikeka?" anafunsa.

Akuluakulu anapeza njira yawo. A Zuze ndi akazi awo anachita mwambowo m'malo mwanga, mudzi n'kumasuka. Atabwera kudzatenga zinthu za malemu kuti akatenthe, ndinapereka zonse, koma mpukutu uja ndinaukumbatira. A Zuze anati, "Sungani. Koma mudziwe kuti mudzi tautsuka, manja anuwo sitinawatsuke. Imfa yatsala mwa inu ndi mumpukutumo."

Sindikuwaweruza, abale. Anthu aja anali ataika ana ambiri m'manda, ndipo ankachita zimene ankakhulupirira kuti zipulumutsa otsalawo. Ngakhale lero, mutandifunsanso, ndingakanebe mwambowo. Koma sindinena kuti iwo anali oipa. Anali amantha, monga inenso ndinadzakhalira wamantha pa zinthu zina.

Palibe anandithamangitsa, poti ankadziwa kuti ndilibe kolowera. Palibenso anandiitana. Moni ankandipatsa ali chapatali. Amayi obereka ana anayamba kudzera njira ya kumunsi. Mbiri inatsika ndi mtsinje, ndipo amalinyero analeka kufika pakhonde: ndani angagone m'fumba losokedwa ndi manja a imfa? Akhristu tinali ochepa nthawi imeneyo, obalalika m'midzi. Mphunzitsi wa ku mishoni ankafika mwa apo ndi apo. Anandigwira dzanja, nati ndaima nji, ndipo anapemphera nane. Kenako ananyamuka kupita kumudzi wina, poti midzi inali yambiri, iye ali yekha. Ine ndinabwerera m'nyumba yopanda mawu.

Ndipo ngakhale ogula akanabwera, ndikanawagulitsa chiyani? Ndinali ndi singano, wondilukira panalibe. Mpukutu wa Malita sindinafune kuukhudza. Ndinaukweza kudenga. Pokweza paja ndi pamene dzanja langa linagunda mpeni ndi chipanda.

Sindinayambe tsiku lomwelo. Ndinayamba nthawi ya dzuwa, pamene nthaka imatentha mapazi. Ndinkapita kumilaza kukangokhala, chifukwa kumeneko ndi kumene ndinkamva ngati Malita ali pafupi. Masamba anali kungokula, kutambasuka, kukalamba popanda wodula. Ndinati mumtima, milaza yonseyi ikugwira ntchito yanji? Ndingoyesa umodzi, uwu wam'mphepetewu. Ndinasadza, ndinawaula, ndinadula mutu, n'kukolekapo chipanda cha munthu uja amene mkazi wanga anamuthamangitsa.

Inu mukudziwa mmene umayambira. Wam'mawa ndi wozuna, mwana angamwe. Ukaulekerera mpaka dzuwa litapendeka umawawasa, ndipo ndi umenewo umene umatseka makutu kuti usamve kuti m'nyumba muli zii. Ena amamwa chifukwa chofuna anzawo, nyimbo ndi phokoso. Ine ndinkamwa ndekha, nditatsamira chitsa. Palibe akanamwa nane chipanda chimodzi, ndipo ine sindinaitane munthu.

Mlaza woyamba utauma ndinadula wachiwiri. Kenako ndinayamba kudula angapo nthawi imodzi kuti wina ukamaphwa wina akhale atayamba. Munda wa mapira unalowa tchire. Kupemphero ndinayamba kukhala panja, kenako ndinkangomva chitsulo chikulira ndili kumilaza. Khasu ndinasinthanitsa ndi kachasu wa kwa Apwitikizi. Denga linayamba kudontha, ndinangosuntha pogona. M'chipanda munkagwera njuchi ndi ntchentche, ine ndinkasefa ndi mano n'kulavula. Chipsera ichi mukuchiona pamkonopa ndinagwera pamoto wanga womwe, ndipo ndinadziwa kutacha. Ana oweta mbuzi ankandipeza ndili gone pakati pa zitsa, mbuzi zikundidumpha.

Choipa koposa ndi ichi: ndinali wonyada. Ndikaledzera ndinkalalikira zitsa kuti mudzi wonse uno ndine ndekha amene ndinakana kuchimwa. Ndinkauza Mulungu kuti, ndinataya anthu chifukwa cha Inu, Inu mwandipatsa chiyani? Ndinkadziyesa wozunzika chifukwa cha chikhulupiriro ndili chigonere m'masanzi anga.

Inadza nkhondo ya Azungu, ndipo amesinjala a Boma anayamba kuzungulira m'midzi kutenga amuna a mtengatenga, okasenza katundu wa asilikali kumpoto. Atafika pa ine, mmodzi anandizungulira, nauza mnzake kuti, "Uyu ngakhale chipanda chakecho chikumulemera." Anandisiya. Anthu ankathawira m'mabango kuopa kutengedwa, ine nkhondo yomwe inandikana.

Pofika nthawi imeneyo, pa milaza yonse ya Malita panatsala umodzi. Unali waukulu kuposa yonse, pafupi ndi chulu pamene iye ankakonda kukhala pong'amba masamba. Ndinkauzemba. Koma wina uja unaphwa, ndipo m'mawa wina ndinadzuka lilime lili ngati chikopa. Ndinatenga mpeni, chipanda ndi chikuni cha moto, ndinapita.

Ndinafika, ndinaika chikuni pansi. Ndinagwira tsamba loyamba. Ndili pomwepo ndinamva kutsokomola pachulu.

Anali a Zuze. Anakhala pamenepo, mikono ili pamaondo, akuyang'ana zitsa zakuda zija mbali zonse. Panali patapita zaka tisanakhalirane pafupi chotero.

"Mwalima bwino, alamu," anatero. "Munda wa zitsa. Mukolola liti?"

Kenako anapitiriza kuyankhula.

"Anditenga amesinjala aja. Anandigwirira padooko. Andilola kuti ndidzatsanzike, poti mfumu yandiimira kuti sindithawa. Tinyamuka sabata isanathe." Anakanda pansi ndi chala. "Fumba langa linatha kalekale. Wosoka wa kumunsi uja anamutenga mwezi watha. Akuti kumene tikupitako usiku kumazizira ngati m'madzi, ndipo bulangete amapatsa asilikali okha. Ndifuna fumba."

Ndinaganiza kuti akundiseka. Ndinawaonetsa manja anga, akunjenjemera ngati bango pamadzi.

"Manja a imfa awa, alamu. Munanena nokha."

"Ndinanena, ndipo sindikubweza. Koma kumene ndikupitako imfa yandidikira kale, ya anthu osawadziwa. Ndiope ya mlongo wanga? Ameneyo tinayamwa bere limodzi."

"Ndilibe mizere."

"Mpukutu uja munadya?"

"Ulipo. Koma sungakwane fumba. Mwina mbali imodzi."

"Mbali inayo muluke nokha."

"Ine sindiluka. Ankaluka ndi iye."

"Zaka zonse zija mutakhala pambali pake, maso munkaika kuti?" Anaimirira, nasansa fumbi. Analoza mlaza uja ndi chibwano. "Mpeni muli nawo m'manja. Mutu kapena masamba, dulani chimodzi. Ine ndili pano, ndikufuna ndione."

Abale, ndikufuna ndinene zoona pamenepa, chifukwa ena amati Mulungu akakugwira ludzu limatha pomwepo. Langa silinathe. Thupi lonse linkafuna mutu uja. Ndinkawerengera mumtima kuti ndikadula lero, mkuja ndimwa. Ndinaganiza zowauza kuti abwere mawa. Ndinaganizanso kuti, munthu ameneyu ndi amene ananditsekera pakhomo, lero wasowa ndiye wandikumbuka. Ndinali ndi zifukwa zokwanira zomukanira, ndipo zonse zinali zoona.

Koma chiyambire maliro aja palibe munthu anali atandipempha kanthu. Ngakhale moto. Mwina inu simunakhalepo nyengo yaitali osapemphedwa kanthu. Munthu umayamba kukayika ngati ukuoneka.

Ndinasiya tsamba lakunja lija. Ndinapisa dzanja pakati, minga ikundikala, mpaka ndinapeza lanthete losatambasuka. Ndinadula mmene ankadulira Malita, chapamwamba pang'ono, kuti mutu usapwetekeke. Mlazawo unali ndi mitu ingapo patsinde limodzi, ndipo uliwonse unandipatsa tsamba. A Zuze anatola chikuni chija n'kuchizimitsa m'dothi. Anatolanso chipanda, nachikoleka paphewa pawo.

"Ichi ndikusungirani," anatero.

Masamba tinayanika pamchenga, ndipo dzuwa la kuno silichedwa. Podikira ndinatsitsa mpukutu kudenga. Unali wakuda ndi mwaye kunja, koma nditaufunyulula mkati munali moyera ngati waulukidwa dzulo. Ndinaunyowetsa, ndinafunafuna singano yanga mpaka ndinaipeza itagwera kuseri kwa mtsuko, ndipo ndinasoka mbali yoyamba. Kusoka manja anakumbuka okha, ngakhale ankaphonya pobaya. A Zuze anakhala pakhonde tsiku lonse akung'amba timilaza ndi chikhadabo, akudandaula kuti ntchito imeneyi ndi yopha msana. Ndikangoimirira ankafunsa, "Mukupita kuti?"

"Kuthengo."

"Thengo lili uku. Uko ndi kwa otchera uchema a kutsidya kwa dambo. Tiyeni ndikuperekezeni."

Ndipo ankandiperekezadi, bambo wamkulu ngati ine.

Akazi awo anabweretsa phala la mchewere. Tsiku loyamba analiika pansi kumalire a bwalo n'kubwerera. Ndinamwa pang'ono, ndinasanza, ndinamwanso.

Kenako inafika nthawi yoluka. Ndinatenga timilaza, ndinapingasa uku ndi uku, zonse zinangomasuka. Ndinayesanso, panatuluka chinthu ngati chisa cha khoswe. Thukuta linkagwera m'maso. Ndinkatseka maso kuti ndione zala za Malita, koma ndinkangoona nkhope yake ikuyang'ana kunjira. Zaka zonse zija ndinkamvetsera mawu ake, zala sindinaziyang'ane.

Panali patatsala kachidutswa ka mzere wake, kakumapeto kaja, pamene anasiyira timilaza tili balala. Ndinali nditakaika padera kuti kameneka kokha ndisunge. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti njira yokha yodziwira mmene ankalukira ndi kumasula zimene analuka, kamodzikamodzi, ndikuona kumene kalikonse kachokera. Koma kameneko kanali komaliza kugwiridwa ndi manja ake. Ndikamasula n'kulephera kubwezera, ndiye kuti ndatsala wopanda kanthu.

A Zuze anaona.  Anatembenuka n'kuyang'ana kumtsinje.

Ndinapemphera, ndipo linali pemphero langa loyamba lopanda kudzitama. Ndinati, Ambuye, ndawononga za mkazi wanga zonse. Ichi chokha ndichimasule kuti ndiphunzire, osati kuti ndiwononge. Gwirani manja angawa, ine andikanika.

Ndinasolola kamlaza koyamba. Ndinaona kuti kanadutsa pamwamba pa tiwiri, pansi pa tiwiri, kenako kanapindika m'mphepete n'kubwerera. Ndinasolola kachiwiri, chimodzimodzi, koma koyambira patsogolo pang'ono. Pena ndinapeza pamene analumikiza kamlaza katsopano, atakabisa pansi pa kanzake mwaluso moti zaka zonse ndikusoka sindinaonepo mfundo. Pena ndinapeza pamene analakwitsa, kamodzi kokha, mwina wina ankadutsa panjira iye n'kufunsa za kwawo. Pamenepo ndinalira. Sindinalire chotero ngakhale pamanda. Zinali ngati wakhala pambali panga akundionetsa, pang'onopang'ono, mosakalipa, zimene ndikanamufunsa akadali moyo.

Nditamasula kotalika ngati dzanja, ndinayamba kubwezera. Kenako ndinalumikiza timilaza tatsopano ta mlaza wotsiriza uja, n'kupitiriza kuchokera pamene iye anasiyira.

Mzere wanga unali woipa. Pena wotambalala, pena wopanikizika, mabowo ponseponse. Koma unkatalika. Ndinaluka ndikunjenjemera, mutu ukuwawa, ndikuona tinthu takuda tikuyenda pakhoma. Akazi a Zuze anayamba kuika phala pafupi, mpaka tsiku lina analiika pakhonde penipeni. Tsiku loti mawa anyamuka, fumba linatha.

A Zuze analiyala pabwalo masana, anthu akuonerera chapatali. Analowamo, nagubuduka. Kenako mawu anatuluka mkatimo.

"Mbali ya mlongo wanga, udzudzu nkhabe, sulowa. Mbali yanuyi, alamu, ulowa ndi ana ake, ndi apongozi ake omwe. Ng'ona yaing'ono ikhoza kulowa."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, ndipo ndinadabwa kumva mawu anga. Atatuluka analikulunga, nalimanga ndi luzi. Anatenga mpeni uja n'kuutsomeka m'chiuno.

"Uwu ndipita nawo, ukaone nkhondo. Chipanda ndaponya mumtsinje. Takhuta, zikomo, alamu." Anandigwira dzanja pamaso pa anthu onse, dzanja lomwe lija. "Ndikabwera, ndiyamba ndapita kukaona mlaza uja. Ndikaupeze uli ndi mutu."

Tsopano ndinene mmene ndinabwererera, chifukwa ena mwabwerera zimenezi.

Ndinagwanso. Iwo atangochoka, nyumba inabwerera kukhala zii, ndipo ndinawoloka dambo kukapempha uchema kwa anthu a kutsidya. Ndinadzuka m'mawa ndili panjira. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kuthamangira kumlaza uja, kuopa kuti mwina ndaudula ndili chiledzerere. Mutu unalipo. Ndinalibe mpeni. Pamenepo ndinamvetsa chimene a Zuze anautengera.

Choncho ndinakhala nthawi yaitali wopanda mpeni m'nyumba. Ndikafuna kudula mlaza ndinkapita kukabwereka kwa akazi a Zuze, ndipo ndinkabweza dzuwa lisanafike pamutu. Zinali zamanyazi, koma zinkandikakamiza kuima pakhomo pa munthu, kupereka moni, kufunsidwa kuti ndadzuka bwanji. Inu amene muli ndi mpeni wotcherera, musausunge kuti mudziyese mphamvu. Upatseni munthu amene sakuopani.

Ndinaonanso kuti ludzu lili ndi nthawi yake. Langa linkabwera m'mawa ndi chakumadzulo, nthawi zimene ndinkapita kukacheka mutu kuti uchema udonthe bwino. Ndinayamba kunyowetsa timilaza nthawizo zisanafike, kuti ludzu likamabwera lipeze zala zili kale pakati pa mzere. Mzere sungausiye pakati osamanga, umamasuka. Ndinkadziuza kuti ndifike pamfundo iyo kaye. Ndikafika ndinkati ndifikenso pa inayo. Kenako dzuwa lakwera, ludzu lapita kukadikira madzulo.

Ndinasunthanso pokhala. Kale ndinkasoka nditayang'ana kukhoma. Ndinayamba kukhala pamene ankakhala Malita, kuyang'ana kunjira. Kufunsa anthu za kwawo sindinathe, si chibadwa changa. Koma moni ndinkapereka. Ena ankayankha.

Kupemphero ndinabwerera, ndinaima pamaso pa akulu n'kunena kuti uchema sindinamwetsedwe ndi mudzi, kapena ndi mwambo, kapena ndi Mulungu. Mpeni ndinatsitsa ndekha kudenga. Anandikhazika kumbuyo kwa nyengo, ndipo kunali koyenera.

Ogula anabwerera pang'onopang'ono. Oyamba anali alendo osadziwa mbiri yanga, kenako amalinyero amene anamva kuti Zuze anagona m'fumba langa n'kudzuka wamoyo. Alipo ena m'mudzi muno amene mpaka lero sangagoneke mwana pamkeka wanga. Ndimawapatsa moni, iwonso amandipatsa. Mlaza umodzi sukanakwana ntchito, choncho ndinkayenda mtunda kukapempha masamba kwa eni milaza ina, n'kumawasokera mkeka. Zitsa zija, madzi atasefukira n'kuphwa, zina zinaphukira m'mbali. Zambiri sizinaphukire. Mukapita mukaziona, zakuda, zili pomwepo. Zimene ndinapha ndinapha.

A Zuze sanabwere. Nkhondo itatha anafika pakhonde panga munthu wa ku Marka, woonda ngati ndodo, akufunsa nyumba ya wosoka mafumba. Anati anali gulu limodzi ndi a Zuze. Anati a Zuze anadwala kamwazi panjira, kutali kumpoto, kumene ambiri ankangosiyidwa m'mbali mwa njira atafunditsidwa nthambi.

"Koma iwo tinawaika bwino, bambo. Tinawasokera m'fumba lawo lomwelo. Ankatiuza kuti mbali iyi analuka mlongo wanga, mbali iyi mlamu wanga, chidakwa cha kwathu. Ndipo masiku onse ankagonera mbali yokhakhalayo."

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Ankati ya mlongo wawo isathe msanga."

Munthuyo ndinamupatsa fumba latsopano, napita. Ine ndinatsala pakhonde. Tsiku limenelo ludzu linabwera lalikulu kuposa masiku onse, ndipo ndinaluka mpaka zala zinatuluka magazi.

Sindikunamizani kuti ukasiya uchema nyumba imadzaza. Sindinakwatirenso. Ndimadya ndekha. Chaka cha njala chija, pamene tonse tinkakumba nyika, mizu ija ya m'madzi, m'madambo, mikeka yanga inkapita kumapiri kukasinthana ndi chakudya, ndipo tinagawana ndi akazi a Zuze ndi ana awo. Amandiitana tsopano pakakhala nkhani pabanjapo. Koma dzuwa likalowa aliyense amapita kwawo, ndipo kwanga kulibe woyankhula. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano zii ameneyo ndimamumva ndili maso, ndipo ndapeza kuti sapha munthu. Mulungu sanandichotsere kusungulumwa. Anandipatsa chochita ndi manja ndili momwemo.

Mkeka umene mwakhalira inu a kutsogolo kuno ndi wanga. Mukaupapasa mupeza kuti sunafikebe pa wa Malita, ndipo sudzafika. Amene manja akunjenjemera m'mawa uno, mawa nthawi yokacheka mitu idzerani kwanga m'malo mopita kumilaza. Simudzamva ulaliki, ine mawu ndatha lero. Mudzapeza timilaza tonyowetsa kale ndi malo pakhonde. Mzere wanu woyamba udzakhala woipa. Wanga unali woipa, koma munthu anagonamo.

A Zuze anati akabwera ayamba apita kukaona mlaza uja. Popeza sanabwere, ndimapita ndine. M'mawa uno, chitsulo chisanalire, ndinadzera kumeneko. Mutu ulipo.

Ambuye atigwire manja tonse. Amen.